Lipoti la nkhani: khansa ya chiwindi mwa mlimi wa zaka 38 wa ku Salima, ndi funso la mankhwala atsopano

Wodwala ndi bambo wa zaka 38, mlimi wa mtedza ndi chimanga kumtunda kwa boma la Salima, amene m'chilimwe amapikulanso usipa kunyanja n'kukagulitsa m'misika ya kumudzi. Dzina ndi mudzi wawo tazisiya dala. Anafika akudandaula ululu wa kumanja kwa mimba, kunsi kwa nthiti, umene unali utatha miyezi itatu. Akagonera mbali imeneyo ululuwo unkakwera mpaka paphewa. Ankakhuta msanga: pa mitanda iwiri ya nsima imene ankamaliza kale, umodzi unkabwerera kukhitchini, ndipo lamba wawo anali ataboolapo mabowo awiri atsopano. Sanasanzepo magazi, chimbudzi chakuda sanachionepo, maso anali oyera. Kachasu ankalawa mwa apo ndi apo. Amalume awo ena anamwalira ali ndi zaka za m'ma 40 atatupa mimba ndi kuchita chikasu, ndipo pamudzi anangoti analodzedwa.

Buku lawo la kuchipatala linali ndi maulendo awiri a m'mbuyomu. Ulendo woyamba analembedwa zilonda za m'mimba n'kupatsidwa omeprazole. Wachiwiri, poti ndi munthu wosamba m'nyanja, anapatsidwa praziquantel wa likodzo. Palibe tsamba losonyeza kuti anagonekedwapo pabedi n'kugwidwa pamimba, kapena kuyezedwa hepatitis B, matenda a kachirombo kowononga chiwindi. Pakati pa maulendowo ankagula Brufen ndi Indocid kugolosale, ankamwanso mankhwala a zitsamba, ndipo pamimba anali ndi mphini zatsopano zondondozana pamwamba penipeni pa chiwindi. Mphini musamazinyoze poyeza wodwala, zimaloza pamene pakhala pakuwawa nthawi yaitali.

Pa sikelo anali makilogalamu 54. Thupi silinali lotentha, BP 118/74. Chiwindi chinkagwirika masentimita 8 kunsi kwa nthiti, cholimba ngati makaka, cha mfundomfundo. Poika stethoscope pamwamba pake pankamveka mkokomo wa magazi wotsatana ndi kugunda kwa mtima. Kapamba anali wotupa pang'ono. Madzi m'mimba munalibe, mapazi sanatupe, mutu unkayenda bwino. Ankadziyendera okha ndi kugwira tintchito ta pakhomo, ngakhale kumunda anali atasiya.

Zopima ndi misampha yake

Hb (kuchuluka kwa magazi) inali 11.2 g/dL, ma platelet (tizigawo toundanitsa magazi) 118, AST 96 ndi ALT 58 (zosonyeza kuvulala kwa chiwindi), bilirubin (yobweretsa chikasu) 24 µmol/L, albumin (puloteni yopangidwa ndi chiwindi) 33 g/L, INR (muyeso wa kuundana kwa magazi) 1.3, creatinine (muyeso wa impso) 78 µmol/L, shuga 4.1 mmol/L. HIV, hepatitis C ndi malungo sanapezeke nazo. HBsAg inasonyeza kuti kachirombo ka hepatitis B ali nako.

Sikani ya ultrasound inaonetsa chotupa cha masentimita 9 kumbali ya kumanja ya chiwindi, ndi tina tiwiri ta masentimita 2 pafupi nacho. Chiwindi chonse chinali chokakala m'mphepete, chizindikiro chakuti chinachita kale zipsera za cirrhosis. Nthambi ya kumanja ya mtsempha wa portal, wobweretsa magazi kuchiwindi kuchokera kumatumbo, inali yotsekeka, ndipo sikani ya Doppler inasonyeza magazi akuyenda m'kati mwa chotsekacho. Magazi oundana wamba sakhala ndi mitsempha yawoyawo. Apa chinali chotupa chimene chamerera mu mtsempha.

Chotupa chachikulu chotere chimafa pakati, ndipo pa sikani pakatipo pamaoneka pakuda ngati mafinya. Woona mwachangu amati ndi chithupsa cha amoeba, n'kutenga singano kuti apope. Khansa ya chiwindi imamwa magazi ochuluka kuchokera ku mtsempha wa hepatic artery, choncho singanoyo ikhoza kuyambitsa kutaya magazi m'mimba kumene pachipatala cha boma sikungaimitsidwe msanga. Wa chithupsa amakhala ndi thupi lotentha, amalumpha mukamudina pakati pa nthiti, maselo oyera amakwera, ndipo pa metronidazole amayamba kupepuka m'masiku atatu. Ngati thupi silikutentha ndipo HBsAg yapezeka, singano ikhale patali.

Likodzo nalo limasokoneza m'madera a m'mbali mwa nyanja. Mtundu wa mansoni umalimbitsa m'mbali mwa mitsempha ya portal, umatupitsa kapamba ndi kutsitsa ma platelet, koma albumin imakhalabe bwino ndipo chotupa sichioneka. Matenda awiriwa akhoza kukhala mwa munthu mmodzi, ndiye kupeza likodzo sikumaliza nkhani.

Bambowa anatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Pa kalata yopempha sikani ya CT tinalemba momveka kuti ijambulidwe magawo atatu mankhwala oonetsera mitsempha atalowa: pa masekondi pafupifupi 35, pa masekondi 60 mpaka 70, ndiponso patatha mphindi zitatu mpaka zisanu. Mukangolemba kuti CT ya pamimba, wodwala amabwera ndi chithunzi cha gawo limodzi chosathandiza, ndalama ya minibasi itapita. Chotupacho chinawala kwambiri pa gawo loyamba n'kuzilala kuposa chiwindi chozungulira pa magawo otsatirawo. Mwa munthu wa cirrhosis maonekedwe amenewa ndi okwanira kunena kuti ndi hepatocellular carcinoma, khansa yoyambira m'chiwindi momwemo, popanda kudula kanyama. AFP, puloteni ya m'magazi imene imakwera pa khansa ya chiwindi, inali 12,400 ng/mL. Ikaposa 400 mwa munthu wa chotupa ndi hepatitis B kukayika kumachepa, koma AFP yotsika isakunamizeni, pakuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse imakhala yosakwera.

Ku Ulaya khansa imeneyi imagwira kwambiri anthu opitirira zaka 60, kuno tikuiona mwa a zaka za m'ma 30 ndi 40. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya makanda m'Malawi mu 2002, choncho obadwa chisanafike chaka chimenecho, monga bambowa, ambiri sanatetezedwe, ndipo wotenga kachiromboka ali khanda kapena kamwana nthawi zambiri amakhala nako moyo wonse. Pamwamba pake pali aflatoxin, poizoni wa chuku cha Aspergillus flavus chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Pakhomo pa bambowa mtedza wabwino unkapita kumsika, wonyala ndi wothimbirira n'kusinjidwa nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala. Madzulo ankawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, n'kuutsekera m'matumba usanaumenso. Kuphika sikuupha poizoniyu. Aflatoxin ikakumana ndi hepatitis B chiopsezo chimachulukana kwambiri kuposa chilichonse pachokha.

Kuika wodwala pa mlingo

Chisankho cha chithandizo chimatsamira pa zinthu zitatu: chotupa, mphamvu ya chiwindi chotsala, ndi mphamvu ya munthuyo. Chachiwirichi ndi chimene chimaiwalika. Muyeso wa mphamvu ya chiwindi wotchedwa Child-Pugh umawerengera zinthu zisanu, chilichonse mapointi 1 mpaka 3. Bambowa anapeza 1 pa bilirubin yosafika 34, 2 pa albumin ya pakati pa 28 ndi 35, 1 pa INR yosafika 1.7, 1 posakhala ndi madzi m'mimba, 1 posasokonekera mutu. Zonse pamodzi 6, gulu A. Mapointi 7 mpaka 9 ndi B, 10 mpaka 15 ndi C. Pa ECOG, muyeso wa mphamvu ya munthuyo, anali 1, kutanthauza woyenda yekha ndi kugwira ntchito zopepuka. Poti chotupa chinalowa mu mtsempha wa portal, pa ndondomeko ya BCLC, yoika khansa ya chiwindi m'magawo, anali gawo C.

Gawo limeneli limatseka njira zochiza kotheratu. Kudula mbali ya chiwindi kumafuna chotupa chimodzi ndi chiwindi chosatsekeka mitsempha. Kuwotcha ndi singano ya microwave kapena radiofrequency kumagwira bwino pa chotupa chosaposa masentimita 3. Kuika chiwindi china kumatsata malire a Milan a 1996: chotupa chimodzi chosaposa masentimita 5, kapena zosaposa zitatu zosapitirira masentimita 3, zosalowa mu mtsempha. TACE, yolowetsa kachubu pa mtsempha wa m'chinena mpaka kuchiwindi n'kuthira doxorubicin ndi kutseka mtsempha wodyetsa chotupa, ndi ya gawo B. Ngati portal ndi wotsekeka kale, kutsekanso hepatic artery kukhoza kupha chiwindi chabwino chomwe. Ilipo njira yofanana nayo ya timikanda ta yttrium-90, ndi histotripsy yophwanya chotupa ndi mafunde a ultrasound imene inaloledwa ku America mu 2023, koma izi zimafuna makina ndi akatswiri a m'zipatala zochepa zakunja.

Mankhwala atsopano ndi amene akuwayenera

Kwa zaka pafupifupi khumi gawo C linali ndi mankhwala amodzi, sorafenib. Mu kafukufuku wa SHARP wa 2008, theka la omwa sorafenib anapitirira miyezi 10.7, pamene theka la osamwa anapitirira miyezi 7.9. Lenvatinib anabwera mu 2018 ndi kafukufuku wa REFLECT, miyezi 13.6 poyerekeza ndi 12.3 ya sorafenib. Mlingo wake umatsata sikelo: 12 mg patsiku kwa wa makilogalamu 60 kapena kuposa, 8 mg kwa wosafika pamenepo.

Kusintha kwenikweni kunadza mu 2020 ndi mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Maselo a khansa amavala puloteni ya PD-L1, imene ikakhudza PD-1 pa asilikali a m'thupi a mtundu wa T imawagonetsa. Atezolizumab amaphimba PD-L1 kuti asilikaliwo aone mdani. Bevacizumab amatsekereza VEGF, imene chotupa chimaitanira mitsempha yatsopano. Mu kafukufuku wa IMbrave150 awiriwa ankaperekedwa pa diripi masabata atatu alionse, atezolizumab 1,200 mg ndi bevacizumab 15 mg pa kilogalamu, ndipo zotsatira zowonjezera zinapereka miyezi 19.2 poyerekeza ndi 13.4 ya sorafenib. Kafukufuku wa HIMALAYA anayesa tremelimumab 300 mg kamodzi kokha pamodzi ndi durvalumab 1,500 mg masabata anayi alionse, miyezi 16.4 poyerekeza ndi 13.8, ndipo njirayi inaloledwa ku America mu 2022. Nivolumab ndi ipilimumab mu kafukufuku wa CheckMate 9DW anapereka miyezi 23.7 poyerekeza ndi 20.6 ya lenvatinib kapena sorafenib.

Manambala amenewa achibale amawapeza pa intaneti n'kubwera nawo pa foni, choncho tiyenera kudziwa zimene zili kuseri kwake. Pafupifupi onse olowa m'kafukufuku wa mankhwala odzutsa chitetezowa anali a Child-Pugh A ndi ECOG 0 kapena 1. Wa chikasu, wa mimba yodzaza madzi, wogona pabedi sanayesedwepo, ndipo kumupatsa mankhwalawa ndi kumuwonjezera mavuto. Mu IMbrave150 wa hepatitis B ankayenera kukhala atayamba kale mankhwala a kachiromboka, kuchuluka kwake kutatsika pansi pa 500 IU/mL. Ankayeneranso kuunikidwa kum'mero ndi endoscopy m'miyezi 6 ya m'mbuyo, mitsempha yotupa itathandizidwa, chifukwa bevacizumab amatayitsa magazi. Kunyanja kuno, kumene likodzo limatupitsanso mitsempha yomweyo, lamulo limeneli n'lolemera koposa. Durvalumab ndi tremelimumab sabweretsa vuto la magazi lotere, koma HIMALAYA sinalandire odwala otsekeka thunthu la portal.

Vuto lina ndi la asilikali odzutsidwawo, amene nthawi zina amaukira thupi lomwe: matumbo, mapapo, chithokomiro, khungu, ngakhale chiwindi. Wolandira diripi ku Lilongwe kapena kunja amabwerera kumudzi, ndipo akayamba kutsegula m'mimba amathamangira pa chipatala chaching'ono, kumene amapatsidwa ciprofloxacin ndi Thanzi. Akakhosomola amayezedwa makhololo a TB. Mankhwala enieni a vuto lalikulu la mtunduwu ndi prednisolone 1 mpaka 2 mg pa kilogalamu patsiku, wochepetsedwa pang'onopang'ono kwa masabata osachepera anayi, ndipo mlingo wotere umadzutsa TB yogona ndi nyongolotsi za Strongyloides. Wodwala aliyense wa mankhwalawa ayenera kukhala ndi tsamba m'buku lake lolembedwa ndi zilembo zazikulu dzina la mankhwala, tsiku la diripi yomaliza ndi nambala ya dokotala wa khansa. Popanda tsamba limenelo, ife tikuona kuti kuyamba n'kuika moyo pachiswe.

Pa pepala bambowa ankayenera atezolizumab ndi bevacizumab. Endoscopy inapeza mitsempha yotupa kum'mero yokhala ndi timadontho tofiira. Inamangidwa ndi timphira, n'kuyamba carvedilol 6.25 mg patsiku. Pa msonkhano wa banja panali mayi a kunyumba, mng'ono wawo, ndi amalume omwe ndi mwini mbumba, amene anali atakonzeka kugulitsa ng'ombe ndi munda kuti mphwawo apite ku India. Dokotala anawauza mosabisa: "Bambo, chotupachi sichichotseka ndi opaleshoni, kuno kapena kunja. Mankhwala ochibweza m'mbuyo kwa kanthawi alipo, ochithetsa palibe." Diripi imodzi imadya mamiliyoni a makwacha ndipo imabwerezedwa masabata atatu alionse popanda tsiku lomaliza lodziwika. Ndalama ya munda ikanakwana maulendo ochepa chabe. Banja linasankha mapiritsi a sorafenib.

Chithandizo ndi mmene chinayendera

Tenofovir, mankhwala a hepatitis B, 300 mg patsiku anayamba tsiku lomwe HBsAg inapezeka, impso zitaoneka kuti zili bwino. HIV iyezedwe kaye nthawi zonse, pakuti tenofovir payekha mwa munthu wa HIV amaphunzitsa kachirombo kupirira mankhwala. Wa matenda onse awiri amamwa ARV ya TLD, imene ili kale ndi tenofovir ndi lamivudine. Tenofovir sachepetsa chotupa. Ntchito yake ndi kusunga chiwindi chotsala mu gulu A nthawi yaitali, ndipo akasiyidwa mwadzidzidzi kachirombo kamabuka mwaukali. Brufen, Indocid, zitsamba ndi kachasu zinaletsedwa. Paracetamol analoledwa osaposa magalamu 2 patsiku.

Sorafenib anagulidwa ndi mbale wawo wa ku Johannesburg ndi kalata ya dokotala. Piritsi limodzi ndi 200 mg, mlingo ndi awiri m'mawa ndi awiri madzulo, kutanthauza mapiritsi 120 pa masiku 30. Amamwedwa m'mimba mopanda kanthu, ola limodzi asanadye kapena maola awiri atadya, chifukwa chakudya cha mafuta chimachepetsa kulowa kwake m'magazi. Rifampicin wa TB amachepetsanso mphamvu yake, ndiye wodwala akapezeka ndi TB dokotala wa khansa adziwitsidwe tsiku lomwelo.

Sabata yachitatu zikhatho ndi mapazi zinafiira n'kutuluka matuza a khungu lokhuthala, ndendende pamene pali zikang'a za mpini wa khasu ndi pazidendene. Kugwira kapu ya tiyi kunkawawa, kuponda pansi ankachita kunyang'ama. Vuto limeneli limakonda malo okhuzika, n'chifukwa chake alimi, asodzi okoka makoka ndi a kabaza amavutika nalo kwambiri. Mankhwala anaimitsidwa masiku 7, ankapaka mafuta a urea 10% katatu patsiku, kuvala sokosi ndi nsapato zofewa, kusasamba madzi otentha, kenako anayambanso pa 400 mg kamodzi patsiku. Mafutawo ndi bwino kuyamba kupaka tsiku loyamba la sorafenib matuza asanabwere. BP inakwera kufika 152/96 n'kutsika ndi amlodipine 5 mg.

Pa sabata 8 AFP inatsika kufika 7,900, chotupa sichinakule, ululu unachepa. M'mwezi wachitatu mapiritsi anatha katundu wina asanafike, ndipo anakhala masabata awiri ndi theka osamwa. Pa mwezi wachinayi anabwera mimba itayamba madzi, bilirubin 41, albumin 29, INR 1.5, ndiye kuti Child-Pugh B ya mapointi 8. AFP inali 21,000, ndipo theka la tsiku ankakhala chogona. Sorafenib anasiyidwa. Mankhwala a mzere wachiwiri, regorafenib, cabozantinib ndi ramucirumab, anayesedwa mwa a gulu A okha, choncho panalibe chifukwa chouzira banja kuti lisakenso ndalama.

Chisamaliro chochepetsa ululu chinayamba kale pa tsiku la msonkhano wa banja, ndipo ku Salima kuli Ndi Moyo imene ntchito yake ndi imeneyi. Morphine wamadzi wa 5 mg pa 5 ml anayamba pa 2.5 mg maola 6 alionse, chifukwa chiwindi chofooka chimachedwa kumuchotsa, n'kukwezedwa potsata ululu. Limodzi naye lactulose 15 mpaka 30 ml kawiri kapena katatu patsiku, cholinga chikhale chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu, poti kudzimbidwa kumabweretsa kusokonekera mutu. Dexamethasone 8 mg m'mawa anathandiza ululu wa kukokeka kwa chikuto cha chiwindi. Pa madzi, spironolactone 100 mg ndi furosemide 40 mg, mchere wochepa, ndipo mimba ikathina mpaka kubanikitsa ankapopedwa cha kumanzere kumunsi, malita osaposa 5, carvedilol ataimitsidwa BP itayamba kutsika.

M'mwezi wachisanu anabwera nawo m'bandakucha akubwebweta, thukuta lili kamukamu. Gadiyani ankaganiza za malungo a m'mutu, ndipo n'zosavuta kungolemba kuti chiwindi chakwera kumutu. Shuga inali 2.1 mmol/L. Atalandira dextrose 10% mamililita 250 anatsitsimuka n'kufunsa kuti ali kuti. Chotupa chachikulu chimadya shuga wambiri pamene chiwindi chotsala sichisunganso wokwanira. Banja linauzidwa kuwapatsa phala la shuga pogona ndi lina cha m'ma 3 koloko usiku. Wodwala khansa ya chiwindi akasokonekera mutu, choyamba ndi kubaya chala kuyeza shuga. Bambowa anamwalira kunyumba patatha miyezi 7 chipezereni matendawa, ululu uli wogonja.

Achibale

Pakhomo ndi kwa abale a bambowa tinayeza HBsAg. Mayi a kunyumba ndi ana atatu sanapezeke nako, ndipo mayiwo analangizidwa kulandira katemera katatu. Mayi owabereka bambowa, mlongo wawo amene ndi woyembekezera, ndi mng'ono wawo wa zaka 31 anapezeka nako. Malangizo a WHO a 2024 anatsitsa malire oyambira mankhwala a hepatitis B: APRI, muyeso wa zipsera za chiwindi, yoposa 0.5 ndi yokwanira, ndipo yoposa 1.0 imatengedwa ngati cirrhosis. APRI imapezeka pogawa AST ndi malire ake apamwamba, kuchulukitsa ndi 100, n'kugawa ndi ma platelet. Mng'onoyo anali ndi AST 52 pa malire a 40 ndi ma platelet 190, zimene zikupereka 0.68. Ngakhale ikanatsika, kukhala ndi mbale wa khansa ya chiwindi n'chifukwa chokwanira pa malangizo omwewo. Anayamba tenofovir. Mlongoyo anayambanso tenofovir mimba ili ndi miyezi inayi, ndipo m'buku lake la sikelo munalembedwa kuti mwana alandire katemera wa hepatitis B m'maola 24 oyamba, kenako wa masabata 6, 10 ndi 14.

Sikani yoyamba ya mng'onoyo sinaonetse chotupa. M'buku lake mwalembedwa ultrasound ndi AFP miyezi 6 iliyonse, creatinine kamodzi pachaka, ndipo masiku ake aikidwa mu Meyi ndi Novembala kuti mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake azimukumbutsa. Kachotupa kosafika sentimita 1 kakaoneka, sikani ibwerezedwe pakatha miyezi itatu. Kakafika sentimita 1 kapena kuposa, kapena AFP ikamakwera pa miyeso iwiri yotsatizana, kalata ya CT ya magawo atatu ilembedwe tsiku lomwelo, pamodzi ndi mapointi a Child-Pugh, kuti a opaleshoni ku Lilongwe amuone chotupa chisanapitirire masentimita 3.